Ilala ya pamtunda yasiya kupendama

Dzina la galimoto yanga sindinalipereke ine. Analipereka ndi apongozi anga aakazi, ndipo monga mwa ulemu wathu sanandiuze pamaso. Anadikira kuti tifike pa boma la Nkhata Bay, anaponda pansi ndi miyendo yonse iwiri, anapuma kaye, kenako n'kutembenukira kwa mwana wawo, mawu atawakweza bwinobwino kuti mkamwini amve: "Uwauze bambo a kwanuwa kuti ulendo wina ndidzakwera Ilala yeniyeni. Ija ili ndi potsamira munthu akafuna kusanza." Anyamata onyamula katundu pa depoti anaseka mpaka kugwira m'mawondo. Nkhani inafika kwathu ku Mwaya ife tisanabwerere, ndipo kuyambira pamenepo aliyense, ana a sukulu ndi asodzi a chilimira omwe, ankaidziwa Sienta yanga kuti Ilala.

Amene sanakwerepo sitimayo sangamve kuwawa kwa chipongwechi. Ilala yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, ndipo tonse timaikonda, koma ikakumana ndi mwera pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma imapendama uku ndi uku mpaka amuna odzitama amagona chafufumimba, osafunanso kumva za nsima. Ndiye taganizani galimoto ya matayala anayi, yoyenda pa phula louma, kupatsidwa dzina limenelo popanda wotsutsa ngakhale mmodzi. Inenso ndinangoti chete, pakuti apongozi ananena zoona.

Galimotoyi ndi Toyota Sienta ya mtundu woyamba uja, umene unayamba kutuluka ku Japan mu 2003, ya maso ozungulira ngati yadabwa, mipando 7, injini ya malita 1.5. Inafika kuno monga zimafikira zinzake zonse: pa sitima mpaka Dar es Salaam, kenako pa msewu kudzera pa chipata cha Songwe. Isanabwere m'manja mwanga inagwirapo ntchito ya takisi. Mwini wake woyambayo anaipaka polishi, anaika makapeti atsopano, wailesi ikulira bwino, injini ikuyimba mosalala. Chikomekome cha mkuyu. Sienta ndi galimoto yaitali msinkhu: kuchoka pansi kufika padenga ndi mamita 1.67, pamene m'lifupi mwake simukwana mamita 1.7. Galimoto yoimirira chonchi imafuna china chake choigwira kuti isagwere m'mbali pokhota, ndipo yangayo chinthu chimenecho inalibe.

Pa msewu woongoka sinkadziulula. Ukachoka ku Mwaya n'kukwera phula la M5, kudutsa Kande kulowera ku Chintheche, unkatha kuiyamikira. Mavuto ankayamba pakona yoyamba yeniyeni. Ukapotoza chiwongolero, galimoto inkayamba yaganiza kaye. Kenako thupi lake lonse linkagwera kunja kwa kona, denga likuloza kuthengo, ndipo pokhapo m'pamene mphuno inkavomera kukhota. Pakati pa dzanja langa ndi matayala panali kanthawi kachabe kopanda yankho, kakang'ono koma kokwanira kuumitsa malovu m'kamwa. Kona ikatha, thupi lija linkabwerera ndi mphamvu, n'kupitirira pakati, n'kugwera mbali inayo. Pa makona otsatizana, kumanja kenako kumanzere, zinkakhala ngati anthu awiri akulimbirana galimoto, wina m'kati wina kunja. Lole ikatidutsa, mphepo yake yokha inkatikankha. Matayala akutsogolo ankalira tswii pa liwiro limene njinga ya kabaza ikanatipitirira, ndipo ankadyeka m'mphepete mwakunja pakati pali pabwinobwino.

M'katimo munali maliro. Ana ankakwera ndi majumbo m'manja, osati a zogula ayi. Mayi a kunyumba anagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko mpaka chinayamba kugwedera. Beseni la usipa likakwera lodzaza ku Mwaya, linkafika ku Mzuzu theka lili pansi pa mipando, ndipo fungo lake linkakhala nafe mpaka mwezi utatha. Ufa wa kondowole unalowa m'malo amene mpaka lero sindinawapeze.

Chimene chinaiyalutsa kwenikweni ndi msewu wabwino. Msewu wa Nkhata Bay kupita ku Mzuzu sukwana makilomita 50, koma umakwera kuchoka m'mbali mwa nyanja, pamene pali pa mamita osakwana 500, kukafika pa mamita oposa 1,200, ndipo umatero mokhotakhota pakati pa zitunda. Kale unali wopapatiza, wodyeka m'mphepete, wa maenje, moti aliyense ankayenda mokwawa ndipo galimoto yodwala ndi yamoyo zinkaoneka chimodzimodzi. Ataukonza ndi ndalama za African Development Bank, ntchito imene inatha cha m'ma 2018, phula linakhala myaa, makona otambasuka, ndipo galimoto iliyonse inayamba kuonetsa khalidwe lake lenileni. Anzanga ankatsika kuchoka ku Mzuzu akuimba mluzu. Ine ndinkatsika manja ali thukuta, phazi lili pa buleki, mzere wa magalimoto uli pambuyo panga ngati ndikutsogolera ukwati.

Amene anaulula chinsinsi ndi amakanika ena achikulire a pa boma, omwe anagwirapo ntchito m'magalaja a ku Johannesburg zaka zambiri, monga achitira amuna ambiri a kuno kwathu, n'kubwerera ndi bokosi la masipanala ndi khutu lomva matenda a galimoto isanaime. Ndinapita kukangosintha oyilo. Iwo anandiona ndikukhota kulowa pa malo awo, ndipo ndisanazimitse injini anali ataimirira kale.

"Ada, galimoto iyi imayenda chonchi masiku onse?"

"Ndi chibadwa chake," ndinatero. "Masienta ndi aatali."

Sanayankhe. Anaika dzanja limodzi m'mphepete mwa denga n'kukankha. Galimoto inapendama. Anasiya, inabwerera. Anakankhanso, ndipo posakhalitsa inali ikuvina yokha, mnyamata wawo wophunzira ntchito akuombera m'manja. Kenako anapotoza chiwongolero mpaka kumapeto, anagwada kuseri kwa tayala lakutsogolo, n'kuyamba kuseka kuseka kwa munthu amene wapeza chimene amayembekezera.

"Bwerani muone, ada. Sitabilaiza yanu ili pa tchuthi."

Ndinagwada nawo. Anandionetsa nsonga ya chitsulo chonenepa ngati chala chachikulu, yotulukira kuchokera pansi pa injini. Pa nsongayo panali bowo, ndipo m'bowomo munayenera kukhala kachitsulo kena kowonda kolumikiza nsongayo ndi shoku, kamene amakatcha linki. Linkiyo panalibe. M'malo mwake munthu wina anamanga nsongayo ndi linya, mfundo zitatu zaukhondo, kuti isamagogode. Mbali inayonso chimodzimodzi: linya. Chitsulocho chinali chitachita dzimbiri, mkono wake umodzi utapindika ndi mwala, mabushi ake atatha n'kusanduka zinyenyeswa. Chinkangokwera nafe ulere, osagwira ntchito iliyonse.

Amakanikawo anati zimenezi amaziona sabata iliyonse. Linki ikatha imagogoda, gu gu gu, pa bampu iliyonse. Mwini takisi safuna phokoso pamaso pa okwera, safunanso kutaya ndalama ya tsiku, ndiye amauza mnyamata wa pa siteji kuti angoichotsa. Phokoso limatha nthawi yomweyo, galimoto imayendabe, ndipo onse amagwirizana kuti chitsulocho n'chokongoletsa chabe chimene Ajapani anaikapo posowa chochita. Pamenepo mkuluyo anapukusa mutu: "Mjapani saika chitsulo chaulere, ada. Amawerengera bawuti iliyonse."

Anandifotokozera ntchito yake akujambula pa dothi ndi sikuludiraiva, ndipo ndi yosavuta mpaka kukwiyitsa. Sitabilaiza ndi ndodo yachitsulo chofanana ndi cha masipuling'i, yopindidwa ngati chilembo cha U chotambasuka. Pakati pake pamamangidwa ku thupi la galimoto ndi mabushi awiri, momwe imatha kuzungulira. Mikono yake iwiri imalumikizidwa ndi malinki, wina ku tayala la kumanja, wina ku la kumanzere. Matayala onse awiri akakwera pamodzi, monga podutsa pa hampu, ndodoyo imangozungulira m'mabushi ake osalimbana ndi kanthu. Koma pakona, thupi likamagwera kunja, tayala lakunja limakankhidwira m'mwamba pamene lam'kati likulendewera pansi. Mkono umodzi ukukwera, wina ukutsika, ndiye ndodoyo iyenera kupotoka, ndipo chitsulo sichifuna kupotoka. Kukana kwakeko ndi kumene kumagwira thupi la galimoto kuti lisapendame. Palibe magetsi, palibe mafuta, palibe kompyuta. Nzeru yake ndi yakale ndithu: munthu wina wa ku Canada, Stephen Coleman wa mu mzinda wa Fredericton, anailembetsa kuti ndi yake mu 1919, ndipo kufikira lero pafupifupi galimoto iliyonse imatuluka m'fakitale ili nayo.

Anandichenjeza za chinthu chimodzi chimene ambiri amachimva molakwika. Pakona kulemera kwa galimoto kumasamukirabe ku matayala akunja, ndipo palibe chitsulo chingaletse zimenezo. Chimene sitabilaiza imachita n'chakuti thupi lisagone, kotero tayala limaponda phula ndi nkhope yake yonse m'malo moponda ndi m'mphepete, ndipo galimoto imayankha chiwongolero nthawi yomweyo osayamba yadikira kuti thupi limalize kugwa. Kanthawi kachabe kaja kamene kankandiumitsa malovu kanali nthawi imene thupi linkagwa.

Ndikanatha kungogula malinki awiri n'kumapita. Koma chitsulo chinali chopindika kale, chofunika kusintha, ndipo mkuluyo maso ake anayamba kuwala. Anati popeza tikuchotsa, bwanji tiikepo chonenepa pang'ono? Apa ndiye anandidabwitsa ndi masamu. Kulimba kwa ndodo yotere popotoka sikukwera mofanana ndi kunenepa kwake. Mukachotsa ya mamilimita 20 n'kuikapo ya 22, maso amati mwawonjezera gawo limodzi lokha mwa magawo 10. Koma muyenera kuchulukitsa 1.1 kanayi motsatizana, ndipo yankho lake ndi 1.46: ndodoyo yalimba ndi 46 peresenti. Mukalumphira pa 24, yalimba kuposa kawiri. N'chifukwa chake munthu wosadziwa, amene amangoti chachikulu ndiye chabwino, amatha kuisandutsa galimoto ngolo.

Ndipo panali msampha wachiwiri. Mukalimbitsa kutsogolo kokha, matayala akutsogolo ndi amene amasenza ntchito yonse ya pakona, amatopa msanga, ndipo galimoto imayamba kukana kukhota: inu mukupotoza, mphuno ikufuna kupitirira kuthengo. Mukalimbitsa kumbuyo mopitirira muyeso, kumbuyoko kumatsetsereka kufuna kutsogola, ndipo pa phula lonyowa la kuno, kumene mvula siisewera, mumapezeka mwayang'ana kumene mwachokera. Opanga magalimoto amasankha dala vuto loyambalo pang'ono, chifukwa dalaivala wamba amalithetsa pongochotsa phazi pa moto. Ndiye mkuluyo anagamula: kutsogolo tiwonjezere mamilimita awiri okha, kumbuyo tiikepo kandodo kowonjezera kocheperako, komangidwa kumapeto kwa chitsulo chopingasa chimene chimagwira matayala akumbuyo, kuti mbali ziwirizi zigawane ntchito. "Kupitirira apo ayi," anatero. "Simukupita ku mpikisano. Mukupita ku Mpamba."

Malinki ndi mabushi tinawapeza m'masitolo a zida zamagalimoto ku Mzuzu. Ndodo ziwirizo zinachita kuitanitsidwa ku Dar es Salaam kudzera kwa wamalonda wina amene amapitako kawirikawiri, ndipo zinafika zitakulungidwa m'makatoni ngati nyanga za ng'ombe yaikulu. Zonse pamodzi ndi ntchito sizinafike pa mtengo wa matayala anayi atsopano, ndipo matayala ndinali ndikuwatha kale mosayenera.

Pa mabushi tinakanganako pang'ono, ine ndikuteteza amisiri athu a mumsika. Aliyense amawadziwa abambo aja okhala pa mulu wa matayala akale a malole, mpeni wakuthwa m'manja, amene amakusemera bushi ya galimoto iliyonse uli chiimire. Ndi luso lenileni, ndipo magalimoto ambiri m'dziko muno akuyenda chifukwa cha iwo. Mkuluyo sanawanyoze. Anangoti bushi ya sitabilaiza iyenera kuigwira ndodo ndendende, bowo lake lofanana ndi kunenepa kwa ndodoyo mpaka pa milimita, chifukwa mpata uliwonse umene watsala ndi mpata umene galimoto idzapendame ndodo isanayambe kugwira ntchito. Mpeni sungalonjeze zimenezo. Ndinagonja.

Tsiku loika linali la thukuta. Ndodo yakutsogolo pa magalimoto amenewa imabisala pamwamba pa chitsulo chachikulu chapansi, kuseri kwa zida za chiwongolero, moti anachita kumasula chitsulocho n'kuchitsitsa pang'ono ndi jeki kuti yakaleyo ituluke. Mabawuti anali atadya mchenga wa kunyanja ndi madzi a mvula zaka zambiri, ndipo imodzi inafuna moto, nyundo ndi mawu ena amene sindingawalembe muno. Mnyamata wophunzira uja anafuna kupaka girisi wakuda pa mabushi kuti alowe msanga, n'kulandira khofi wa pamutu: mafuta a galimoto amadya labala, madzi a sopo ndi okwanira. Anafunanso kumangitsa mabawuti onse galimoto ili m'mwamba mbali imodzi, n'kulandira wachiwiri: malinki amamangidwa matayala onse awiri ali pa msinkhu umodzi, apo ayi ndodo imakhala yopotoka kale galimoto isanayende. Dzuwa likupendeka anaitsitsa pansi. Mkuluyo anaikanso dzanja padenga paja n'kukankha. Galimoto inasuntha pang'ono n'kuima nji. Anakankha ndi manja awiri. Nji. Mnyamata uja anayesa kuikwera pa khomo n'kumadumpha, galimoto inangomuyang'ana.

"Pitani mukachititse alayimenti ku Mzuzu, poti tagwedeza zapansi," anatero akupukuta m'manja. "Mukamatsika mudzandiimbire. Ndikufuna ndimve mawu anu."

Abale anga, ndinawaimbira ndikuseka ngati wamisala.

Kona yoyamba yotsika nditachoka ku Mzuzu ndinaifikira monga mwa chizolowezi, mapewa ataumitsidwa, thupi langa litakonzeka kale kutsamira chitseko. Ndinapotoza chiwongolero pang'ono, ndipo mphuno inalowa nthawi yomweyo. Osaganiza, osadikira, osapempha chilolezo. Ine ndinatsamira ndekha, galimoto ili chilili, moti ndinadzichitira manyazi. Kona yachiwiri ndinaimvetsera bwino. Chiwongolero, chimene kale chinali chopepuka ndi chopanda nkhani, tsopano chinkalemera pang'onopang'ono kona ikamakula, n'kupepukanso ikamatha, ngati chikundiuza m'manja kuti matayala agwira pati. Ndinali ndisanadziwe kuti chiwongolero chimayankhula. Pa makona otsatizana aja, kumene kale tinkalimbirana, galimoto inangoti kumanja, kumanzere, kumanja, thupi lili phee pakati, ngati yakhala ikuchita zimenezi moyo wake wonse. Lole ya matabwa inandidutsa ikukwera, ndinadikira kukankhidwa, ndipo kunangobwera phokoso lokha. Matayala sanalire ngakhale kamodzi. Pofika pa Mpamba ndinaima, ndinatuluka, ndinaizungulira galimoto yanga kuti nditsimikize kuti sanandisinthire, n'kugula nthochi phava lonse popanda kunenerera.

Chosangalatsa kwambiri n'chakuti liwiro silinasinthe. Ndinkayenda pa liwiro lomwe lija la bambo wa ana, koma ntchito ya manja inachepa ndi theka. Kale pakona imodzi ndinkakonza chiwongolero katatu kapena kanayi, kuwonjezera, kubweza, kuwonjezeranso. Tsopano ndimapotoza kamodzi, kugwira, n'kubweza. Ndinafika pa boma khosi losauma, n'kutsika mtsetse wolowera kudoko ndi dzanja lofewa, nyanja ili mbuu kutsogoloko, ine ndikuimba nyimbo za kwaya zimene ndinaziiwala kalekale. Ndinapitirira mpaka ku gombe la Chikale popanda chifukwa china koma kufuna makona ena.

Mayeso enieni anabwera okha, ndikubwerera ku Mwaya kudutsa m'minda ya labala ya Vizara, kumene mitengo imaima m'mizere mbali zonse ndipo anyamata amadumphitsa mipira yawo m'mbali mwa msewu kuitanira ogula. Mbuzi inatulukira pa phula, ana ake awiri ali pambuyo. Azungu ali ndi mayeso otere, okhota mwadzidzidzi kuzemba chinyama n'kubwereranso mu mzere wako, ndipo mu 1997 galimoto yatsopano ya Mercedes-Benz, A-Class, inagubuduzika pa mayesowo ku Sweden, kampani n'kuchita kuikonzanso, kuitsitsa ndi kuilimbitsa miyendo. Iwo amaika zizindikiro za pulasitiki pa bwalo. Ife mayeso athu ali ndi ndevu ndipo sapangana tsiku. Ndinaponda buleki, ndinakhotera kumanja, ndinabwerera kumanzere, ndipo Sienta inachita ndendende zimene manja ananena, n'kukhazikika pomwepo popanda kugwedezeka kotsalira. Mbuzi inapitiriza ulendo wake osathokoza. Ndikudziwa bwino lomwe kuti Ilala yakale ija ikanazemba mbuziyo, koma kubwerera kwake kukanakhala nkhani ina, ya m'ngalande.

Kunyumba sindinauze aliyense zimene ndinachita. Ndinangoti tiyeni ku Mzuzu Loweruka. Ana anakwera ndi majumbo awo mwa chizolowezi. Mayi a kunyumba anakweza dzanja kugwira chogwirira chawo tisanatuluke n'komwe pa mpanda. Titadutsa Chintheche ndinaona dzanja lija latsika. Tikukwera zitunda, wamng'ono anali m'tulo, wamkulu akuwerenga buku, chinthu chimene kale chikanatha ndi kuima m'mbali mwa msewu. Pafupi ndi Mzuzu mayiwo anandiyang'ana mokayikira.

"Bambo a ana, mwagula ina yofanana mtundu, eti? Ndalama mwazitenga kuti?"

Ndinaseka mpaka misozi. Majumbo aja anabwerera ali ndi tomato ndi kabichi.

Apongozi ndiwo anavuta kuwakopa. Anakana kawiri konse, akuti moyo ndi umodzi. Anavomera pokhapokha pamene panagwa ulendo wa ku chinkhoswe umene sakanaulephera, ndipo anakwera atamanga chitenje m'chiuno zolimba, ndimu ali m'manja wonunkhiza. Anakhala tcheru mpaka pa mlatho wa Luweya. Kuchoka apo kunamveka kaphokoso kena kumbuyo, ndipo ndinatchera khutu ndi mantha poganiza kuti linki yamasuka. Anali apongozi akuliza mkonono. Ndimu anagubuduzika yekha pansi pa mpando. Titafika anadzuka, anayang'ana uku ndi uku, n'kuuza mwana wawo, mokwezanso kuti mkamwini amve: "Uwauze kuti ayendetsa bwino lero." Ulemu wonse unapita kwa dalaivala, chitsulo sichinatchulidwe, ndipo ine sindinaone chifukwa chowakonzera.

Walira mvula walira matope. Pa kamsewu kafumbi kotsikira ku Mwaya galimoto yaumako. Tayala limodzi likagwa m'dzenje, ndodo ija imauza linzake, ndipo mitu yathu imagwedezeka uku ndi uku kuposa kale. Podutsa ngalande mopingasa, tayala limodzi lakutsogolo limapepuka msanga n'kuyamba kupala mchenga, ndiye ndimachita kulowa pang'onopang'ono ndi kusankha poponda. N'chifukwa chake magalimoto ena akuluakulu a m'thengo, monga mitundu ina ya Land Cruiser ndi Jeep Wrangler Rubicon, ali ndi njira yomasulira sitabilaiza akachoka pa phula n'kuigwiritsanso akabwerera. Sienta ilibe mwayi umenewo. Koma fumbi langa ndi lalifupi, phula ndi lalitali, ndipo apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene mkulu uja anakanira kupitirira mamilimita awiri. Amene amakhala kumapiri, kumene msewu wonse ndi miyala ndi ngalande, ndingamuuze kuti abwezeretse ndodo ya kukula kwa fakitale, malinki ndi mabushi atsopano, basi. Phindu lalikulu lili pomwepo: kuchoka pa linya kufika pa linki ndi ulendo wautali kuposa kuchoka pa 20 kufika pa 22.

Anzanga a matakisi ataimva nkhaniyi anabwera kudzakankha denga, mmodzimmodzi, ngati akuyesa ng'ombe pa msika. Wina anafunsa ngati tsopano ndingakweze anthu 12 ndi matumba a chinangwa padenga. Ayi, ada. Ndodoyi sinyamula katundu ngakhale kilogalamu imodzi, imeneyo ndi ntchito ya masipuling'i, ndipo katundu wa padenga amakweza kulemera m'mwamba n'kubweza kupendama konse kumene mwalipira kuti kuchoke. Siichiritsanso mashoku otha, siipopa matayala, siifupikitsa mtunda wa buleki. Ndipo ili ndi kachinyengo kake: popeza thupi silipendamanso kwambiri, chenjezo lija limene linkakuopsa msanga limachepa, pamene phula lonyowa likadali loterera chimodzimodzi. Wina mwa iwo anamva zonsezi, anagwada kuseri kwa tayala la galimoto yake, n'kudzuka ali chete. Nayenso anapeza linya.

Dzina lokha ndi limene lakana kuchoka. Ana a ku Mwaya akaiona ikutsika amakuwabe kuti Ilala yafika, ndipo ine ndimawaimbira hutala mokondwa, chifukwa ndikudziwa zimene zili pansipo. Beseni la usipa limafika ku Mzuzu lodzaza. Matayala akutsogolo akudyeka mofanana kuchoka m'mphepete kufika m'mphepete. Chogwirira chija ndinachimangitsa, ndipo tsopano pamakolekedwa jekete.

Inu amene muli ndi Sienta, Probox, Freed kapena ina iliyonse yogula kwa munthu, chitani izi mawa m'mawa musanayambe ulendo wautali. Imikani pamalo athyathyathya, potozani chiwongolero mpaka kumapeto, mugwade kuseri kwa tayala lakutsogolo. Funani kachitsulo kowonda kotsika kuchoka pa shoku kapena pa mkono wapansi kukagwira nsonga ya ndodo yopindika. Kagwireni mukagwedeze: kakhale nji, timalabala take tosang'ambika. Muonenso mbali inayo. Mukapeza kakugwedera, kapena mukapeza bowo lopanda kanthu, waya, kapena linya, pitani kwa amakanika musanakwere zitunda za ku Mzuzu, ndipo akakuuzani kuti n'chokongoletsa chabe, pitani kwa ena.